Mthuthuthu wa Mai Chiso

Ku Torwood kunalibe munthu wosamudziwa Esnat, ngakhale ambiri dzina lakelo sankalitchula. Ankangoti Mai Chiso, potengera mwana wake mmodzi yekhayo, Chiso, amene anawoloka kupita ku Joni kukagwira ntchito m'nyumba za anthu. Esnat anali mayi wamfupi, wa mapewa otambalala, wosachedwa kupsa mtima. Anabadwira momwemo m'komboni, m'nyumba za kampani ya zitsulo. Bambo ake anachoka ku Ntcheu nthawi ya Chitaganya kudzafuna ntchito, ndipo kwawoko Esnat sanapondeko n'kamodzi komwe. Pakhomo ankayankhula Chichewa, pamsika Chishona, ndipo akakwiya ankazisakaniza zonse n'kuthiramo Chilapalapa cha bambo ake cha m'migodi, chimene iye ankati ndicho chimatukwana mokoma.

Mwamuna wake Isaki anali wowotcherera zitsulo pafakitale, munthu wofatsa woti ukamuponda chala iye ndiye amapepesa. Ng'anjo za pafakitale zitazima m'chaka cha 2008, Torwood inakhala chete mwachilendo. Fumbi lofiira limene amayi ankalitukwana chifukwa chodetsa zovala pachingwe linasiya kugwa, ndipo amayi omwewo anayamba kulilakalaka. Mabanja ankasamuka limodzilimodzi, ena ku Joni, ena ku Botswana, ena kumidzi. Isaki sanapite kulikonse. Anali ndi makina akeake owotcherera, amene anagula kalekale kwa kapitawo wina wopuma pantchito, ndipo magetsi akayaka ankapanga mbaula ndi kumata mapoto obooka kuseri kwa nyumba. Esnat ankagulitsa tomato ndi matemba pamalo okwerera makombi. M'masitolo munalibe kanthu, ndalama inkafera m'manja usanafike nayo kunyumba, koma awiriwo sankagona ndi njala.

Mvula itayamba kunabwera kolera. Mipope inali itauma kalekale, ndipo anthu ankatunga madzi m'zitsime zokumba okha. M'mawa wina wa mu Disembala Isaki anadzuka akutsegula m'mimba ndi kusanza, ndipo dzuwa lisanakwere maso ake anali atalowa m'kati. Dripi pafupi panalibe, anthu ankati akupezeka ku Kwekwe. Esnat anayala bulangete mu wilibala, anamugoneka mwamuna wake mmenemo, n'kumukankha mpaka pamalo okwerera.

Tsiku limenelo kombi yokhala ndi mafuta inali imodzi yokha, ndipo inali itatsala pang'ono kudzaza. Hwindi wake, woitanira anthu pachitseko, anali Rodney, bambo amene Esnat ankamupatsa tomato wophwanyika madzulo kuti akadyere kwawo.

"Mai Chiso, munthu wa kolera sakwera muno," anatero Rodney atatchinga khomo ndi thupi lake.

"Ndimukhazika pamiyendo panga. Sakhudza munthu."

"Hazviite, amai. Sizitheka. Anthu atsika onse."

"Ndiye atsike. Iwo akukaima pamzere wa kubanki, uyu akufa."

Esnat anasuzumira m'kati. Munali anthu owadziwa okhaokha. Kumbuyo kunali anzake a Isaki a pafakitale, ndipo pampando wa pawindo panali amayi Lusiya, mkulu wa amayi a mvano kutchalitchi kwawo. Amayi Lusiya anakoka mpango n'kutseka mphuno, nayang'ana kumbali. Chitseko chinatsekedwa, kombi n'kunyamuka.

Anakankha wilibala mumsewu wa phula, dzuwa likumuwamba, tayala likulira. Magalimoto ochepa amene ankadutsa ankangomulambalala. Atayenda mtunda ndithu, lole yonyamula zitsulo zakutha inaima, ndipo dalaivala wosamudziwa anawakweza kumbuyo pamwamba pa zitsulozo. Atafika kuchipatala ku Kwekwe anamwino anayesetsa, koma mitsempha ya Isaki inali itafota kale, ndipo anamwalira dzuwa likupendeka. Maliro ake anali a anthu owerengeka. Mtembo unakulungidwa m'pulasitiki, osasambitsidwa, osalowa m'nyumba. Panalibe kugwirana chanza, panalibe kuphika. Chiso sanabwere, chifukwa akanawoloka sakanathanso kubwerera kuntchito.

Anthu ankadikira kuti Esnat alire monga alirira mkazi woferedwa. Iye anangouma gwa. Chimene chinamugwira chinali mkwiyo, ndipo unkamudzutsa m'mawa uliwonse ngati njala. Pamalo okwerera sanathenso kukhalapo. Akaona Rodney akumenya chitseko n'kumaitana kuti Kwekwe, Kwekwe, ukali unkamukwera, ndipo tsiku lina anamugenda ndi tomato wabwinobwino mpaka dengu linatha. Analumbira pamaso pa anthu kuti phazi lake silidzapondanso mu kombi.

Koma mimba siimva malumbiro. M'tchire kuzungulira Kwekwe munadzaza makorokoza, okumba golide paokha, ndipo iwowo ndiwo anali ndi marandi ndi madola. Chimene analibe chinali mchere, sopo, fodya ndi ndiwo, ndipo kumene ankakumbako kombi siinkafikako. Esnat ankaona wogula golide wina akudutsa pa mthuthuthu, umene Ashona amati mudhudhudhu, akusiya m'mbuyo mizere ya anthu odikira, petulo wake akugula wa m'mabotolo m'mbali mwa msewu. Njinga yakapalasa iye ankaidziwa kuyambira ubwana, ndipo anaganiza kuti ziwirizi zimangosiyana phokoso. Chogulira analibe, koma kuseri kwa nyumba kunali makina a Isaki, ndipo masiku amenewo chinthu chinkagulidwa ndi chinthu chinzake.

Anauzako mnansi mmodzi yekha, koma nkhani inauluka mpaka ku Mambo, ku Gweru, kumene kunkakhala Daison, mkulu wake wa Isaki. Daison anafika atavala jekete, ndipo madzi amene anapatsidwa anawakana.

"Alamu, ndabwera kudzaona katundu wa malemu," anatero. "Makina aja ndi a banja. Ndamva kuti mukufuna kuwataya pa chidole."

Esnat anazungulira kuseri, nakakhala pamwamba pa makinawo. Daison anamutsatira.

"Alamu, kumaliro simunabwere," anatero Esnat. "Munati mukuopa matenda. Makinawa ndiye alibe kolera?"

"Musandiyankhe choncho. Inu mukadali m'zovala zakuda. Mkazi woferedwa kutangadza miyendo pa mthuthuthu, anthu adzati chiyani za banja lathu?"

"Anthu anaona mng'ono wanu ali mu wilibala, sananene kanthu. Za miyendo yanga ndiye adzayankhula?"

"Loweruka ndibwera ndi galimoto ndi akuluakulu. Makinawa ndiwapeze pomwepo."

"Mudzapeza chimene mudzapeze."

M'mawa mwake Esnat anayenda wapansi kupita ku Redcliff kwa Sixpence, munthu amene kale anali mlonda pamgodi wina, koma tsopano ankagulitsa chilichonse chokhala ndi matayala kuseri kwa malo omwera mowa. Za makina owotcherera Sixpence anazimva mokondwa, chifukwa zigayo za miyala za makorokoza zinkathyoka tsiku ndi tsiku. Anali ndi mithuthuthu iwiri.

"Kofiiraka ndi kanu, Mai Chiso," anatero akusisita kanjinga konyezimira. "Kangofika kumene. Ka azimayi. Kopepuka ngati nkhuku."

Esnat anakagwedeza. Mapulasitiki analira, ndipo bawuti imodzi inagwa pansi. Anawerama n'kukanda ndi chikhadabo pamene zitsulo za kumbuyo zinalumikizidwa. Zaka zonse zokhala ndi Isaki zinamuphunzitsa kuzindikira msoko wabodza.

"Aka ndikaikapo thumba la ufa kathyoka pakati. Nanga iyo?"

Iyo inali njinga yakuda, yaitali, ya thanki lalikulu ndi matayala a mano ngati a thirakitala.

"Iyo musaiyang'ane," anatero Sixpence. "Ndi ya amuna. Ngakhale amuna ena imawagwetsa."

Amuna amene ankamwa pakhonde anaseka. Sixpence akanapanda kunena mawu amenewo, mwina Esnat akanaona yekha kuti mpando wa njingayo ukumulekeza m'nthiti. Koma magazi anali atakwera kale kumutu.

"Ilizeni," anatero.

Sixpence anaiponda, inabangula. Esnat anapinda chitenje chake chakuda pakati pa miyendo n'kukwera. Pansi panafika chala chachikulu cha phazi limodzi. Sixpence anamulozera mwachangu, akuseka: ichi ndi kilatchi, apa ndi giya, uku ndi kopotokolera mafuta, ndipo kilatchi muchisiye pang'onopang'ono. Koma masiku amenewo Esnat sankadziwa kuchita kanthu pang'onopang'ono. Anatsegula dzanja lonse kamodzi. Njinga inalumpha ngati tonde, inadula bwalo, inakagunda m'mphepete mwa ngalande n'kumugwera. Ekizozi yotentha inamumata pakatumba ka mwendo. Fungo la khungu lake lopserera analimva ululu usanafike.

Pakhonde paja kuseka kunakula, ena anaimirira kuti aone bwino. Sixpence anathamanga, koma anathamangira njinga. Anagwada n'kuyamba kupapasa thanki.

"Mwaswa galasi, Mai Chiso. Yagulidwa basi. Makina aja ndikatenga masana."

"Ndichotseni chinthuchi pamwendo."

"Tiyambe tagwirizana."

Amene anaidzutsa njingayo anali mkulu wina wodutsa pa kapalasa, Marcelino, wokonza mapampu ndi njinga kumapeto kwa Torwood. Esnat anaima ndi mwendo umodzi, anatola chibenthu cha njerwa, n'kuphwanya galasi linalo.

"Tsopano afanana," anatero.

"Ndikukuitanirani apolisi."

"Aitaneni. Muwaonetsenso nambala ya mgodi imene mwapaka penti pathankipo. Ndaiwerenga ndili pansi."

Sixpence anayang'ana thanki. Za apolisi sanazitchulenso.

Marcelino anamunyamula pakaliyala kupita naye kwawo. Mkuluyu anachoka ku Tete ali mnyamata, nagwira ntchito m'mafamu moyo wake wonse, ndipo Chichewa chake chinali chokokera kwawoko. Mkazi wake Rosália anatsuka balalo ndi madzi owiritsa amchere n'kulimanga ndi nsalu yoyera. Nthawi yonseyo Esnat ankatukwana. Anatukwana Sixpence, Rodney ndi Daison, anatukwana mipope youma ndi ng'anjo zozima, ndipo pomaliza anatukwana Isaki yemwe chifukwa chofa mwakachetechete ngati mwanapiye, osakalipira ngakhale munthu mmodzi. Rosália sanamudule. Anangomanga mfundo n'kumupatsa mbatata.

"Mai Chiso," anatero Marcelino mawu atamuthera, "mthuthuthu mukuufunira chiyani? Kunyamulira katundu kapena kutsekera anthu pakamwa?"

"Zonse ziwiri, sekuru," anayankha Esnat, pomutchula agogo m'Chishona.

"Wotsekera pakamwa mwauona. Bwerani muone winawu."

Kuseri kwa khola la nkhuku anavundukula masaka. Pansi pake panali mthuthuthu wakale umene mwini famu anamusiyira pamene famuyo inkasintha eni. Unali waufupi, penti itasuluka mpaka kufanana ndi dothi. Mpando unali womanga ndi mphira, nyali yomanga ndi waya, ndipo kumbuyo kunali kaliyala wachitsulo wotambalala ngati thebulo.

"Ichi ndiye ndisinthe ndi makina a mwamuna wanga? Chikuoneka ngati bulu wodwala."

Marcelino sanauikire kumbuyo. Anangoupendeketsa n'kuugoneka pansi.

"Udzutseni."

Esnat anamuyang'ana moipidwa, koma anagwira chiwongolero ndi kaliyala, analuma mano chifukwa cha bala lija, n'kuudzutsa.

"Khalanipo."

Anakhalapo. Mapazi onse awiri anaponda pansi bwinobwino, zidendene zomwe.

"Muzigwa, Mai Chiso," anatero mkuluyo. "Aliyense woyamba amagwa, ndipo kutchireko simudzapeza munthu wodutsa woti akudzutseni. Mtundu uwu ndi umene ankayendera alangizi a zaulimi, zitsulo zake mudzazipeza kwa aliyense wophwasula zakutha. Suthamanga, ndisakunamizeni. Koma petulo umangonyambita."

Esnat anatsika n'kuyamba kufunafuna chilema. Anaponda matayala, anagwedeza kaliyala ndi mphamvu zake zonse, anakanda misoko yonse. Inali misoko yeniyeni. Anapempha kuti auyatse, ndipo unalira mosadzitama, tututu, utsi wochepa. Kupatula kunyansa kwake sanapeze choutsutsira, ndipo zimenezo zinamukwiyitsa kwambiri. Pa anthu onse amene anakumana nawo chimwalirireni Isaki, uyu yekha analibe pomutukwanira.

"Makina aja muwagulitsa kwa makorokoza?" anafunsa.

"Ndiwagwiritsa ndekha. Mapampu akuchuluka, ndipo ndatopa n'kukapempha kwa anthu."

"Muziwafunditsa mvula ikamagwa. Mwiniwake sankawasiya pamtetete."

Masana omwewo anakweza makina pa ngolo ya Marcelino. Chogwirira chake chinali chosalala pamene pankakhala zala za Isaki. Esnat anachigwira kanthawi, kenako anachiponya m'ngolomo mwamphamvu kuposa mmene zinkafunikira.

Loweruka Daison anafikadi ndi galimoto yobwereka ndi akuluakulu awiri. Kuseri kwa nyumba anapeza malo oyera pamene pankakhala makina, ndipo pakhomo anapeza bulu wodwala uja ataima. Anakalipa mpaka anansi anatuluka. Kenako analowa m'nyumba n'kuyamba kutulutsa zinthu: bedi, wailesi, masuti awiri a Isaki, bokosi la zipangizo, ngakhale ambulera. Akuluakulu aja ankangoyang'ana pansi. Esnat anaima pakhomo atagwira chitsulo chotsala pa mbaula yosamalizidwa.

Atatha zam'nyumba, Daison analoza mthuthuthu.

"Ichinso ndi cha malemu, popeza chagulidwa ndi makina ake."

"Bedi mwatenga, ndigona pamphasa," anatero Esnat mosakweza mawu. "Wailesi mwatenga, ndizimva za kwa anansi. Koma amene agwire chiwongolero ichi abwerera ku Mambo ndi dzanja limodzi."

Mmodzi wa akuluakulu aja, a Matiyasi, msuweni wa bambo awo a Isaki, anatsokomola.

"Daison, chisiye. Zimene watengazi zakwana, mwinanso zapyola."

Daison anakwera galimoto, natulutsa mutu pawindo.

"Kuyambira lero simulinso mlamu wathu."

"Zimenezo ndinaziona kale pamaliro," anayankha Esnat.

Kuphunzira anaphunzirira pabwalo la mpira, pafupi ndi milu yakuda ya zotsalira za m'ng'anjo. Masiku oyamba Marcelino ankaima pambali n'kumamuuza zochita, kenako anamusiya yekha. Chitenje chinamukola mu tcheni kamodzi, ndipo kuyambira pamenepo anavala ovolosi yakale ya Isaki, imene Daison anaisiya chifukwa inali yobookabooka ndi moto. Anaipinda miyendo n'kuimanga m'chiuno ndi chingwe. Kumutu ankavala chisoti cha pafakitale, chomanga ndi mpango pansi pa chibwano, mpaka pamene anadzapeza chenicheni. Anagwa m'matope, anagwera mu golo, anang'amba chigongono. Injini ikazima ankaikalipira m'Chilapalapa, ana a sukulu n'kumaphunzira mawu atsopano. Chimene chinamuvuta kwambiri chinali kilatchi chomwecho. Akachisiya mwaukali njinga inkalumpha kapena kuzima, ndipo panalibe njira ina koma kufewetsa zala. Zinamutengera nthawi kuti dzanja lamanzere liphunzire kufatsa pamene thupi lonse likutokota.

Tsiku lina akuchokera kubwaloko anapeza amayi atatu a mvano atakhala pakhonde pake, amayi Lusiya ali pakati.

"Mai Chiso, tatumidwa ndi amayi anzanu," anayamba amayi Lusiya. "Zakuda mwavula nthawi isanakwane, ndipo mukuyenda m'komboni mutavala zachimuna. Anthu akuyankhula."

Esnat anavula chisoti n'kuchikoleka pachiwongolero.

"Amayi Lusiya, mpando wa pawindo uja unali wabwino?"

Amayi enawo anayang'anana, osamvetsa. Amayi Lusiya anaweramitsa mutu, zala zikuseweretsa m'mphepete mwa bulauzi.

"Ndinali ndi mdzukulu wakhanda kunyumba," anatero motsitsa. "Ndinaopa."

"Kuopa sindikukuletsani. Inenso ndinkaopa, ndipo masanzi ake anali m'manja mwanga. Koma mukanangondiyang'ana. Munakoka mpango ngati mwadutsa pa galu wakufa."

"Ndakhala ndikulipempherera tsiku limenelo."

"Pitirizani. Za ovolosiyi musiye Mulungu adzandifunse yekha."

Amayiwo anachoka osatsanzika. Esnat anapinda yunifomu yake ya mvano n'kuitumiza kutchalitchi. Kupemphera sanasiye, koma ankakhala pabenchi la kumbuyo n'kutuluka nyimbo yomaliza isanathe.

Ulendo woyamba wa kwa makorokoza anaupanga mvula ikadalipo. Mbaula ndi mapoto zotsala za Isaki anazisinthanitsa ndi mchere, sopo, fodya ndi matemba kwa mayi wina wogula katundu ku Malawi. Anamanga zonsezo pakaliyala ndi mphira, natenga njira za m'tchire zimene Marcelino anamufotokozera. Pa kamtsinje kena tayala lakutsogolo linaterera pamwala, ndipo iye, njinga ndi katundu anagwera m'madzi. Thumba la mchere linanyowa mbali imodzi. Anaima m'madzi olekeza m'mawondo, anayang'ana uku ndi uku, ndipo kunalibe munthu, woseka kapena wothandiza. Anamasula katundu, anautulutsa, anabwerera kukadzutsa njinga, n'kuiponda mobwerezabwereza mpaka mwendo wa bala uja unachita dzanzi. Itayaka anaitukwana, namanganso katundu.

Kumaenje anapeza amuna opakika dothi lofiira kuyambira kumutu mpaka kumapazi, ongooneka maso. Ataona kuti amene wavula chisotiyo ndi mayi, onse anasiya kukumba n'kumuyang'ana. Mmodzi, wonunkha kachasu, anasendera n'kulowetsa dzanja m'thumba la ovolosi yake, akuti akufuna aone ngati alidi mkazi. Injini inali ikadalira. Esnat analowetsa giya, anasiya kilatchi bwinobwino monga anaphunzirira, ndipo tayala linadutsa pa phazi la munthuyo lopanda nsapato. Anzake anamuseka iyeyo, kenako anafola mzere. Katundu yense anatha, ndi mchere wonyowa womwe, ndipo Esnat anafika ku Torwood dzuwa likadalipo.

M'chaka cha 2009 madola analoledwa, masitolo anadzazanso, makombi anabwerera ambirimbiri. Fakitale yokha sinadzuke, ndipo m'komboni nyumba zina zinamera udzu pakhomo. Esnat anapitiriza ulendo wake wa kutchire, anadzapeza laisensi, anaphunzira kumata tayala ndi kumangitsa tcheni yekha. Rodney ankamupatsa moni akamadutsa pamalo okwerera, iye osayankha. Amayi ena amene ankamuseka anayamba kumupempha kuti awanyamulire chimanga kuchigayo, ndipo ankanyamula za amene wafuna. Anthu ankati mtima wake udzatsika zinthu zikayamba kuyenda, koma sunatsike.

Pa Khirisimasi ya chaka chimenecho Chiso anabwera. Ataona amayi ake atavala ovolosi, m'zikhadabo muli girisi, m'nyumba muli mphasa m'malo mwa bedi, analira.

"Amayi, tiyeni tizipita limodzi ku Joni. Kuno kwatsala chiyani?"

"Uyambe wakaona bambo ako," anatero Esnat.

Anamukweza kumbuyo n'kupita naye kumanda. Udzu unali wolekeza m'chiuno, ndipo mitumbira ya nthawi ya kolera inali yothithikana mizere mizere. Esnat anaima, nayang'ana, osakhulupirira. Timapale tachitsulo tolemba mayina tonse tinali titazulidwa. Akuba zitsulo zakutha anali atadutsamo, osasiya ngakhale kamodzi. Anayenda uku ndi uku akupatula udzu ndi manja, mpaka anakumbukira kamtengo ka mthethe kamene kanamukola chitenje tsiku la maliro. Mtumbira woyandikana nako unali wa Isaki.

Chiso anagwada n'kuyamba kulira mokweza. Esnat anangoima chilili, mphuno zikutukumuka.

"Munthu wawotcherera zitsulo moyo wake wonse," anatero, "ndiye amumane ndi kachitsulo ka dzina komwe."

M'mawa mwake anamanga thumba la simenti pakaliyala. Malo a munthu panalibenso, choncho Chiso anayenda wapansi pambuyo atanyamula fosholo ndi chigubu cha madzi, amayi ake akuyendetsa pang'onopang'ono kuti asamusiye. Mchenga anatapa m'mbali mwa njira. Analambula udzu, anatchinga ndi zidutswa za matabwa kumutu kwa mtumbira, anakanda simenti n'kuthira. Itayamba kugwirana, Chiso anatenga msomali n'kulemba dzina la bambo ake ndi zaka zawo.

"Zamitsa zilembozo," anatero Esnat. "Mvula ya kuno imafufuta."

Chiso anabwerezamo msomali. Atamaliza anapukuta manja pa udzu, nafunsanso za ku Joni.

"Lolemba kuli anthu akudikira mchere," anayankha amayi ake. "Iwe upite, ukagwire ntchito yako. Ukamabweranso undigulire tayala lakumbuyo, la kuno ndi lachabechabe."

Kumadzulo mitambo inali itayamba kuda. Anafunditsa simentiyo ndi thumba lake lomwe, natsindira m'mbali ndi miyala. Kenako Esnat anaponda injini, Chiso anakwera atakumbatira fosholo ndi chigubu, ndipo anatsika njira ya kumanda madontho oyamba akuwamenya kumaso.